Masiku Asanu Ndikusaka Chigubu cha Asidi

Ana anga, pa phwando londitsanzika pa ntchito munamva mkulu wina akunena, anthu akuseka, kuti Yotamu Phiri ndiye anabweza alendo ochokera kutsidya kwa nyanja chifukwa cha chigubu cha madzi otsukira. Inu munaseka nawo mwaulemu, ine ndinangoyang'ana m'mbale yanga. Mwezi wathawu ndamvanso nkhani yomweyo m'minibasi yopita ku Silverest, kuchokera pakamwa pa munthu amene sadziwa n'komwe nkhope yanga, ndipo yakula: akuti ndinali nditakalamba, mutu utayamba kusokonezeka, ndi kuti ndinatcha antchito anzanga onse akuba. Si mmene zinayendera. M'chigubumo munalibe madzi, mutu wanga unali bwinobwino, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ndinamutcha wakuba. Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa ndinalonjeza munthu wina kuti sindidzamuulula ali moyo. Munthuyo tinamuika m'manda chaka chatha, ndipo mkazi wake wandilola kulemba, bola ndisinthe mayina. Ndasintha onse, kupatula langa.

Ntchito ziwiri zoyamba

Nditamaliza Fomu 5 ndi satifiketi yabwino, ndinalembedwa ntchito yosamala labotale pa sekondale ina kwathu ku Katete. Kumeneko ndinaphunzira kugwira ntchito popanda zipangizo. Mankhwala ankabwera kamodzi pa chaka, chaka china osabwera. Madzi oyera oyezera ndinkatchera a mvula m'mabeseni, ndipo chubu chagalasi chikasweka aphunzitsi aakulu ankandiimika mu ofesi ngati ndapha munthu. Sindiwadandaula. Anandiphunzitsa kudziwa chinthu chilichonse cha m'chipinda changa, pamene chimakhala, ndi amene wachigwira komaliza.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi ndinapita kumigodi, ku labotale yoyeza miyala. Mwala umasungunulidwa ndi asidi wotchedwa HF, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamudziwira. Tinali ndi mnzathu dzina lake Bwalya, munthu wa nthabwala. Tsiku lina masana golovesi yake inali ndi kabowo kochepa ngati ka singano. Sanamve kanthu. Tinaweruka limodzi, tinamwa tiyi, anatiseketsa njira yonse. M'mawa mwake anabwera atanyamula dzanja lake pachifuwa, akulira mokweza, bambo wa ana anayi, pakhungu popanda bala lililonse, zala zili zotuwa chabe. Dokotala wa kumgodi anatiuza kuti asidi ameneyu satentha khungu nthawi yomweyo monga anzake. Amalowa mwakachetechete kukafuna kashiamu wa m'mafupa ndi m'magazi, ndipo akalowa wambiri amaimitsa mtima. Bwalya anadulidwa zala ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuopa asidi ameneyu, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi. Amaoneka ngati madzi akumwa. Woopa ndiye amamudziwa.

Zaka zanga za ku Chongwe

Nditatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume, ndinasamutsidwira ku malo ena ofufuzira za sayansi m'boma la Chongwe, ndipo ndi pamene tinagula puloti ija ya ku Silverest. Bwana wanga anali Dokotala Mwansa, wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri, wobwera kumene kuchokera ku maphunziro akunja. Anali wanzeru, zimenezo palibe angatsutse, koma anali wothamanga. Tsiku loyamba anandipatsa moni wa Chibemba, n'kundionetsa kachitsulo kopyapyala, kowala ngati kalilole wakuda.

"Shani, ba Phiri. Aka ni silikoni. Tizakaboola tumabowo twamene simungaone na maso, elo mu tumabowo tizabyala titaniyamu. Mwamvela?"

"Ndamva, a Dokotala. Tiboola ndi chiyani?"

"Na HF."

Ndinakhala pansi. Iye anaseka, nati ndikuoneka ngati munthu amene wamva za maliro.

Muyenera kudziwa ntchito imeneyi, chifukwa anthu amene amaseka nkhani ya chigubu sadziwa chimene tinkachita m'chipinda chija. Silikoni ndinkamudula ndine m'tizidutswa tokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kachidutswa kalikonse tinkakamanga pansi pa kapu yapulasitiki wolimba, n'kuthiramo HF wosakaniza ndi spiriti, kenaka n'kudutsitsamo magetsi pang'ono. Magetsi ndi asidi pamodzi ankaboola timabowo tambirimbiri, ndipo kalilole uja ankasintha maonekedwe, kukhala wofiirira, wagolide, nthawi zina wobiriwira ngati khosi la nkhunda. Titatsuka, tinkakaika m'kambiya kachitsulo kotsekedwa zolimba, pamodzi ndi madzi a titaniyamu, n'kuika mu uvuni kwa maola angapo. M'menemo titsinde ta titaniyamu dayokisaidi tinkamera kuchokera m'timabowo tija. Sitinkationa ndi maso. Zidutswa tinkazitumiza kunja kwa dziko, kumene kuli makina okulitsa zinthu, ndipo patapita miyezi zithunzi zinkabwera pa kompyuta. Tsiku limene ndinaona chithunzi choyamba ndinavula magalasi ndi kuwavalanso. Unali munda. Titsinde tinaima mizeremizere ngati mapira.

Cholinga chinali chakuti kachidutswa kameneka, kakaikidwa m'madzi oipa padzuwa, kaziphwanya zoipazo. Tinkayesa ndi madzi othira utoto wabuluu pakhonde, n'kuona kuti ayera msanga bwanji. Luso lonse linali pa kusintha zinthu pang'onopang'ono. Magetsi akachepa, timabowo tinkachepa, titsinde n'kumera mothinana ngati chimanga chosapatulira, kuwala osalowa pakati pake. Magetsi akachuluka, silikoni ankafumbutuka ngati dothi louma. Maola a mu uvuni akachuluka, titsinde tinkanenepa n'kugwirana. Pali mbiri yakuti zonsezi anazitulukira ophunzira okha. Nayonso ndiikonze. Ndine ndinazindikira kuti uvuni wathu unkatentha kwambiri kumbuyo kumanzere, ndiye chifukwa chake zidutswa za tsiku limodzi zinkatuluka zosiyana. Ndinenso ndinaona kuti madzi a titaniyamu amachita mbuu ngati mkaka akatsegulidwa m'nyengo yamvula, ndipo ndinawakonzera bokosi lowuma. Dokotala anavomera zonse ziwiri, koma pambuyo pa mkangano wa sabata yathunthu pa chilichonse.

Wophunzira amene ankagwira ntchito kwambiri anali Mutinta, mayi wa mwana mmodzi, amene ankakwera minibasi ziwiri m'mawa uliwonse. Maphunziro ake onse anali pa zidutswa zimenezi. Anali wosamala, ndipo ankamvera ndikamuuza kuti avale magolovesi awiri.

Tsopano za zigubu. HF sasungidwa m'galasi, chifukwa amadya galasi. Amasungidwa m'pulasitiki. Asidi wogwiritsidwa kale ntchito tinkamuthira m'chigubu choyera cha malita asanu, cholimba, cha chitsekerero chofiira. Lachisanu lililonse masana ndinkathiramo laimu, ufa woyera wopha asidi, pang'onopang'ono mpaka kapepala koyezera asidi kataleka kufiira, ndipo chigubu chikatha ntchito ndinkachicheka ndi mpeni pakati. Chifukwa cha zimenezi anthu ankandida. Chigubu chotere pamudzi ndi chuma. Amene ankandipempha kawirikawiri anali a Mweemba, osamala maluwa ndi bwalo, munthu wa msinkhu wanga, dikoni wa mpingo wawo ku Kanakantapa, amene ankandibweretsera repu ndi tomato wa kudimba kwawo.

"Ba Phiri, imwe Mulungu azakufunsani," ankatero akandipeza ndi mpeni. "Chigubu chabwino so, mujuba monga mbuzi? Nipaseniko chimozi chabe, nizasuka na sopo."

"A Mweemba, sopo sachotsa chimene chinali umu."

"Awe, imwe na Chichewa chanu cha mu Baibulo. Nkhanza chabe."

Tinkaseka, koma chigubu ndinkacheka ndithu.

Chaka cha chilala: Lolemba

Chaka chimene mvula inakana, magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo kumijigo anthu ankaima pamzere kuyambira m'mawa. Ndinali nditatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume. Sabata imeneyo tinkayembekeza alendo ochokera kunja, amene ankathandiza ntchito yathu, ndipo anali oti adzaone ngati ipitirire. Ankabwera Lachinayi.

Lachisanu la sabata yapitayo sindinapite ku ntchito. Ndinali ku maliro a mlamu wanga ku Nkomeshya, ndipo makiyi ndinasiyira Dokotala. Motero laimu sanathiridwe. Lolemba m'mawa nditalowa, ndinapeza chipinda chitakolopedwa, makoma atapakidwa utoto, zonse zili mwaudongo. Ndinatsegula kabati ya pansi pamene chigubu cha asidi wotha ntchito chinkakhala. Munalibe kanthu. Chinali chodzaza kupitirira theka pamene ndinachiona komaliza.

Ndinafunsa Mutinta. Anandiuza kuti opaka utoto anafuna malo, Dokotala analamula kuti zonse zosaoneka bwino zituluke, ndipo Lachisanu lija Mutintayo anaika chigubucho kuseri kwa chitseko chakumbuyo, pamthunzi, kuti achibweze madzulo. Kenaka anaitanidwa kuti mwana wake wadwala kusukulu, nathamanga. Kapepala kolembapo dzina kanali katamatuka kale. Tinapita kuseriko tonse awiri. Panali chizindikiro cha chigubu pafumbi, basi.

Ndinaganiza za fungo lake. Asidi ameneyu anali wosakaniza ndi spiriti, ndiye kuti munthu wotsegula akanamva fungo la mowa. Ndinaganiza za mayi amene akanataya zam'katimo ndi manja ake, n'kupita nacho kumjigo. Ndinaona dzanja la Bwalya.

Dokotala anamvetsera ataimirira, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mutinta, chinali cha asidi olo cha manzi yosukila?"

Mutinta anayang'ana pansi. Mphindi zochepa zapitazo anali atandiuza momveka bwino. Tsopano anati, "Sinili shuwa, ba Doc."

"Mwaona, ba Phiri? Ni manzi yosukila. Imwe muyopa maningi. Tiyeni tisunge kamwa mpaka pa Chinayi, alendo akayenda tizafunsa bwino bwino."

"A Dokotala, cha madzi otsukira chili apo, ndachiona. Chimene chasowa ndi cha asidi. Chachoka Lachisanu, lero patha masiku atatu. Pofika Lachinayi tikhoza kukhala ndi maliro."

"Elo ba Dayirekita bakamvela kuti HF yasoba, bazavala labu. Alendo bazapeza loko pa chitseko. Uyu mukazi masukulu yake yasila. Na imwe, makiyi ni yanu. Muganiza bazafunsa ndani?"

Sananame pa zimenezo. Makiyi anali m'dzina langa, ndipo munthu wa Fomu 5 satsutsa dokotala pamaso pa akuluakulu n'kutuluka ali bwino. Ndinalowa m'chipinda chosungira katundu, ndinatseka chitseko, ndinakhala pa bokosi. Ndinaganiza za amayi anu, za nyumba imene inali isanafoleredwe mbali imodzi, za manyazi ochotsedwa ntchito ndili ndi imvi. Ndinaganizanso za Mutinta. Sindinganame kuti ndinali wolimba mtima. Koma mantha anali awiri, ndipo amodzi anali aakulu kuposa ena. Ndinavala jekete, ndinapita ku ofesi ya a Dayirekita.

Pa nthawi ya tiyi antchito onse anasonkhanitsidwa pansi pa mtengo, ndipo ndinalankhula ndine. Ndinafotokoza chigubucho, chitsekerero chake chofiira, ndi fungo lake. Ndinanena kuti amene wachiona asachitsegule, asachitaye, asachitsuke, angochiika pakhomo pa labotale kapena andiuze mwamseri, ndipo dzina lake silidzatuluka pakamwa panga. Mawu akuti kuba sindinawatchule.

Mlonda wina anakweza dzanja. "Ba Phiri, mwakamba ati chinunkha spiriti? Nanga bwanji simunatiuze kudala, tilaweko?"

Anthu anaseka. Ndinawauza za zala za Bwalya, ndipo kuseka kunachepa. Koma palibe anaulula. Aliyense ankadziwa lamulo la pamalopo, lakuti wotuluka ndi katundu wa ntchito, ngakhale tsache, amachotsedwa tsiku lomwelo. A Mweemba anaima kumbuyo atatsamira reki, akuyang'ana nsapato zawo. Anthu atabalalika ndinawatsatira kumaluwa.

"A Mweemba, ndife amuna aakulu. Ngati mukudziwa kanthu, ndiuzeni ine ndekha."

"Ine? Ba Phiri, Mulungu aniona. Nine dikoni ine."

Sanandiyang'ane m'maso. Ndinawasiya, chifukwa umboni ndinalibe.

Lachiwiri kufikira Lachinayi

Lachiwiri a Dayirekita anatseka labotale, nalembera alendo kuti asabwere. Masana ndinalandira kalata yondiimitsa ntchito mpaka nkhani itafufuzidwa. Inati ndinalephera kusamala katundu, ndiponso ndinachititsa anthu mantha popanda umboni, pakuti mkulu wa labotale, Dokotala Mwansa, anatsimikiza kuti chosowacho chinali cha madzi otsukira. Mmene mlandu umodzi ungakhalire woona pamodzi ndi unzakewo, sindinamvetse mpaka lero. Ndikutuluka pageti, Mutinta anandithamangira. Maso ake anali otupa. Sanapepese ndi mawu. Anangolowetsa m'chikwama changa chubu cha mafuta a kashiamu, mankhwala opaka pamene HF wagwera, ndi mpukutu wa timapepala toyezera asidi.

"Chinali cha asidi, ba Phiri," ananong'ona. "Niziba."

"Ndikudziwa kuti ukudziwa, mwana wanga. Bwerera."

Lachitatu ndinakwera minibasi yopita ku Kanakantapa. Msewu wafumbi uja unanditengera theka la m'mawa. Kunyumba kwa a Mweemba ndinapeza loko. Oyandikana nawo anati bambo ali ku ntchito, mayi anapita kwa mchemwali wawo ndi adzukulu, abwera mawa. Ndinazungulira bwalo ngati mbala, ndikuyang'ana zigubu zimene zinali pakhonde. Zonse zinali zachikasu, za mafuta ophikira. Nkhokwe inali kuseri, yopanda chimanga chaka chimenecho. Ndinaiyang'ana, koma ndinachita manyazi kusuzumira m'nkhokwe ya mwini iye palibe. Manyazi amenewo ndimawakumbukira mpaka lero.

Ndinapita kumjigo. Panali amayi ambiri ndi mzere wa zigubu wautali, ndipo ine, mwamuna wovala tayi, ndinayamba kuyenda mumzerewo ndikuyang'ana chimodzichimodzi.

"Ba tate, mwataya chani? Olo musakila mukazi?"

"Basiyeni, ni ba kanso, ba boma, babwela kupima manzi."

Ndinawafotokozera. Ena anamvetsera, ena anafunsa ngati pali mphotho. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti zigubu zoyera zilipo zambiri, ndipo madzi akasowa munthu safunsa kumene chigubu chachokera. Ananena zoona, ndipo zoonazo zinandiopsa koposa. Ndinayenda mijigo itatu tsiku limenelo. Lachinayi ndinayenda ina, kumidzi kumene alonda athu awiri ankakhala, ndipo ndinalowa pa chipatala chaching'ono kufunsa ngati kwabwera munthu wodandaula zala kapena m'mimba mosadziwika bwino. Namwino anati ayi. Sindinadziwe ngati ndikondwere. Foni ikalira ndinkadzidzimuka. Amayi anu ankandiikira chakudya, n'kuchichotsa chili chomwecho. Ndiulule chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu: pofika Lachinayi madzulo ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndinadzifunsa ngati ndinaonadi bwino, ngati sindinawononge maphunziro a mwana wa eni ndi dzina langa chifukwa cha mantha a zaka makumi atatu zapitazo.

Lachisanu

Dzuwa litangotuluka ndinamva kugogoda pageti. Anali a Mweemba, atatsamira njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Anali atapalasa kuchokera ku Kanakantapa. Atandiona anagwada pansi, munthu wa msinkhu wanga.

"Ba Phiri, nine. Nenze nafuna chabe chigubu. Pamene munakamba pa Mande nayopa kuchibweza, nayopa na kuchisegula. Nachibisa mu nkhokwe."

"Imirirani. Chili kuti tsopano?"

"Bamake Esnati banachipeza mailo. Vala vabo, ba Phiri. Balila kuchokela usiku."

Anandiuza zonse ndikumanga nsapato. Mkazi wawo atabwera Lachinayi masana anapeza chigubucho m'nkhokwe. Atatsegula anamva fungo la mowa, naganiza kuti mwamuna wake, dikoni wa mpingo, wayamba kubisa kachasu. Anathira zam'katimo m'mabotolo agalasi kuti adzamuonetse, ndipo ngati akana, adzaonetse akulu a mpingo. Zina zinamutayikira pa zala. Chigubucho anachitsuka, napita nacho kumjigo.

"Madziwo munamwa?"

"Banapikila ndiyo. Bazukulu banadya."

A Mweemba anandigwira mkono. "Musanichule, ba Phiri. Nikachosedwa nchito chaka chino, tizadya chani?" Ndinalonjeza pomwepo, ndipo lonjezo limenelo ndilo linandidyera mbiri. Pambuyo pake a Dayirekita tinangowauza kuti chigubu chapezeka ndipo chatayidwa moyenera. Anandibwezera ntchito mwakachetechete, ndipo anthu, posamva za wovulala aliyense, anamaliza okha kuti munali madzi.

Ndinaimbira Dokotala Mwansa, chifukwa ndiye anali ndi galimoto. Ndinamuuza kuti abwere ndi thumba la laimu, ndowa yapulasitiki ndi magolovesi, ndipo asauze munthu. Anabwera, zimenezo ndimamuyamikira. Koma m'njira ankalankhulabe zake.

"Ba Phiri, bazimai ba ku munda vala vimababa nthawi zonse. Kapena ni nyamakazi. Tizapeza ni manzi, muzaona."

Ndinkawerenga maola kuchokera pamene asidi anagwera pakhungu.

Tinapeza mayi Mweemba atakhala pamphasa pakhonde, dzanja lamanja ataliviika m'beseni, akugwedezeka uku ndi uku. Adzukulu awiri ankasewera pabwalo, ndipo ndinawayang'ana kaye iwowo: ankathamanga, ankakangana, anali bwino. Ndinavala magolovesi ndi kutulutsa dzanja lija m'madzi. Bala panalibe. Nsonga za zala zitatu zinali zotuwa, pansi pa zikhadabo pali mbuu. Ndinali nditaonapo zala zotere kamodzi kokha. Ndinafinyira mafuta a kashiamu m'golovesi yatsopano, ndinawaveka, ndi kuyamba kusisita chala chimodzichimodzi.

"Mayi, chigubucho munatsuka ndi chiyani?"

"Na mulota na muchenga," anayankha akulumata mano. "Katatu. Ine sinitapila manzi mu chinthu chonunkha moba."

Phulusa ndi mchenga, katatu. Ndinapempha madzi amene anatsala mumphika ndi chigubu chenichenicho. Ndinaviika kapepala m'madziwo, ndinapukutanso m'kati mwa chigubu ndi kena. Timapepala tonse tiwiri sitinafiire. Phulusa limapha asidi monga laimu amachitira, ndipo ukhondo wa mayi ameneyu, ndi mkwiyo wake pa mowa, ndizo zinapulumutsa ana aja. Ine sindinawapulumutse. Ndinakhala pansi pafumbi, tayi ndi jekete zili m'thupi. Pambuyo pake mayiwo kuchipatala anakhalako masiku anayi. Zikhadabo zitatu zinagwa, koma zala zinatsala, ndipo amalima nazo mpaka lero.

Koma m'mawa umenewo Dokotala anaona timapepala tosafiira tija, ndipo nkhope yake inamasuka. "Mwaona? Nenze nakamba."

"Mabotolo ali kuti?" ndinafunsa a Mweemba.

Anatitsogolera kuseri kwa khitchini. Mabotolo anali anayi, aakulu a lita imodzi, a zakumwa zoziziritsa kukhosi, ataimikidwa pamthunzi, otsekedwa ndi zitsononkho. Dzulo lake anali oonekera mkati monga mabotolo onse. Tsopano anali oyera mbuu kuyambira pansi kufikira pamene madziwo analekeza, ngati apakidwa ufa mkati, ndipo pansi pa lililonse panali matope oyera. Pamwamba pa mzerewo galasi linali lowala bwinobwino.

Dokotala anaima. Kenaka ananjuta, navala magolovesi awiri popanda womuuza, nazula chitsononkho chimodzi mosamala. Anaviika kapepala. Kanafiira kasanafike n'komwe pakati. Anakhala chonjuta nthawi yaitali, akuyang'ana kapepalako, kenaka anatembenuka kuyang'ana adzukulu aja, amene mpira wawo wansanza unali utagubuduzika kufika pafupi ndi mabotolowo. Anautola, nauponya kutali.

"A Phiri," anatero, osakweza mutu, "tichite chiyani?"

"Inu tengani mayiwa, muthamange nawo kuchipatala chachikulu, ndipo mukanene dzina la asidiyu momveka bwino, ndi dzina lanu la udokotala, kuti akakumvereni msanga. A Mweemba, chotsani ana pabwalo pano. Laimu ndi ndowa mundisiyire ine."

Dokotala ananyamuka nthawi yomweyo, osafunsa funso lina.